Mafuta a Azakhali mu Nyale ya a Morris

Tadala ndi Mwayi, adzukulu anga, ikani foniyo uko, agogo anu alankhule. Ndikudziwa kuti mumaseka amayi anu akati munditchule agogo, poti ndili ndi zaka 17 ndipo ndevu zanga zikadali m'njira. Koma chibale sichiyang'ana ndevu. Bambo anga anandibereka atakalamba. Mwana wawo woyamba ndi agogo anu aakazi a ku Dedza aja, ndiye achemwali anga amenewo. Amayi anu, nesi wa ku Telford uja, amanditchula malume, ngakhale amatero akukukuta mano. Ndiye inu ndinu adzukulu anga, nkhani yatha. Izi ndalemba m'Chichewa dala, kuti amayi anuwo avutike kukuwerengerani, inu muzingoyankha m'Chingerezi chanucho.

Inu munabadwira m'kuwala. Mukangodina pakhoma, mbee. Ife akalekale tinakulira ku Dedza, kumene magetsi amabwera ngati mlendo wosatsanzika. Tinali ndi koloboyi: kachitini ka parafini, kachingwe ka nsanza, ndipo m'mawa ukamina zimatuluka zakuda. Ndiye za nyale musandiphunzitse. Koma nyale imene inandiopsa zenizeni ndinaiona kuno ku Birmingham, chaka chimene ndinangofika, ndili ndi zaka 14.

Nthawi imeneyo ine ndi amayi tinkakhala ku Longbridge, m'kafulati kozizira ngati filiji. Amayi akakhala pa shifiti ya usiku ku chipatala, ine ndikaweruka kusukulu ndinkakwera basi kukagona kwa azakhali anga, a Nangondo, mlongo wawo wa bambo. Mukuwadziwa, amene amakufinyani masaya kutchalitchi aja. Iwo ankasamalira nkhalamba ina ya Chiyuda, a Morris, ndipo ankagona m'nyumba mwawo momwemo. A Morris anali aatali, opindika msana, kachipewa kakang'ono pa liwombo. Akazi awo anali atamwalira. Ankandikonda chifukwa ndinkawabera pa dirafuti iwo nkumaona, ndipo m'malo mokwiya ankaseka mpaka kutsokomola. Ankanditchula bwana Limbi, kudula dzina langa la Limbikani.

Tsono azakhali anali ndi kabotolo ka mafuta odzoza, kochokera kwa mneneri wina wa ku Lilongwe. M'mawa uliwonse ndikagona kumeneko, ankandigwira pakhomo, chala chachikulu m'mafuta, pamphumi tsi, kwinaku akudzudzula mzimu wa kulephera mayeso. Ndinkafika kusukulu mphumi ikuwala ngati mandasi. Ziphuphu zinamera mzere. Anzanga ankati akazingire dzira pamenepo. Inu mukulira chifukwa chokupakani vaselini, simunaone mavuto.

Ine si munthu wongopirira. Ndine yemwe ndinathira mchere mu shuga tsiku la tiyi wa amayi a mvano, ndine yemwe ndinaika kulira kwa mbuzi pa foni ya mkulu wa mpingo wa ku Zambia uja, nkuwaimbira pakati pa ulaliki. Ndiye ndinati, tione ngati azakhali angasiyanitse mafuta a mneneri ndi mafuta wamba. Tsiku lina akusamba, kabotolo kali pa tebulo, ndinakhuthulira mafutawo m'kapu. Kuwataya mu sinki ndinaopa, musandifunse chifukwa. M'kabati munali kajagi ka galasi ka mlomo wautali, kodzaza mafuta a olivi. Ndinati ndi a saladi awa. Ndinadzaza kabotolo ka azakhali ndi mafuta a m'kajagi, otsalawo ndinakazingira dzira nkudya, ndipo a mneneri ndinawathira m'kajagi. Mtundu womwewo, fungo lomwelo. M'mawa mwake azakhali anandidzoza, natseka maso nkuti, "Lero ndiye mphamvu ndikuimva." Ndinaseka m'basi yonse mpaka dalaivala anandiyang'ana pagalasi.

Unali mwezi wa Disembala, nyengo ija mdima umagwa tikuweruka kusukulu. Sabata yomweyo a Morris anatulutsa nyale ya siliva yokhala ndi timagalasi tating'onoting'ono pamzere, nkuiika pawindo loyang'ana kumsewu. Anati chafika chikondwerero chawo cha nyale, chotchedwa Hanuka. Amayatsa masiku asanu ndi atatu: madzulo oyamba kagalasi kamodzi, mawa lake tiwiri, mpaka tonse. Amakumbukira kalekale pamene mafuta a tsiku limodzi m'kachisi wawo anayaka masiku onsewo. Kenako anati, "Bwana Limbi, tanditengera kajagi ka malemu akazi anga m'kabatimo."

Ndinakatenga. Sindinadandaule kwenikweni. Mafuta ndi mafuta. Ndinaona a Morris akuthira mafuta a mneneri wa ku Lilongwe m'kagalasi, kuikamo kachingwe ka thonje, kuimba dalitso m'chilankhulo chawo, nkuyatsa. Ndinaluma lilime kuti ndisaseke.

Madzulo otsatira kunabwera Daniel, mdzukulu wawo wa a Morris, amene ankaphunzira ku yunivesite ku Coventry. Anabwera kudzakhala nawo mpaka chikondwerero chithe. Asanayatse, Daniel anapisa m'thumba, natulutsa kakobiri kofiira, nkupatsa agogo ake. Iwo analandira nkugwedeza mutu. Ine pakamwa sipakhala chete.

"A Morris, mdzukulu wanu yemwe mukumulipiritsa?"

Ankalankhula Chingerezi, koma ndikumasulirani. Anati, "Kuwalaku ndi kwa aliyense wodutsa mumsewu. Koma mafuta ayenera kukhala ndi mwini wake. Woyatsa amayatsa mafuta ake. Daniel ndi mlendo muno, ndiye kakobiri aka kamupatsa gawo m'mafutawa. Tsopano ndi athu tonse awiri."

"Nanga atakhala obwereka?"

"Wobwereka mafuta amadzabweza ena. Amene watengawo asanduka ake."

Ndikanasiyira pomwepo. Koma ndinafunsa, mwina kuti ndiwaseketse, "Nanga akuba?"

Sanaseke. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo nkuti, "Amenewo ayi. Munthu akadalitsa Mulungu pa chinthu chakuba, sakudalitsa. Akunyoza."

Atatero anatembenuka, nathira mafuta a m'kajagi, nkuyamba kuimba ndi mawu awo onjenjemera aja. Mafuta aja anali a azakhali. Azakhali sanawapatse munthu. Ndiye kuti ndi akuba, wakuba wake ndi ine, koma wonyoza Mulungu ndi nkhalamba yosalakwa ili kuimbayi.

Mawa lake a Morris analephera kuvala masilipasi. Mapazi anatupa ngati mabanzi. Azakhali akadina ndi chala, dzenje limatsala. Chifuwa chinayamba kulira ngati ketulo.

Apa ndikufotokozereni zimene sukulu zanu za ku Telford sizikuphunzitsani. Kwathu kuli matenda otchedwa mdulo. Munthu akaswa mwambo wa pakhomo, nkhani zake ndi za akulu, mudzazimva mukakula, wodwala sakhala woswa mwamboyo. Amadwala wina wosalakwa wa m'nyumba momwemo. Miyendo imatupa, chifuwa chimadula, munthu nkupita. Ndili wamng'ono ndinaona bambo wina woyandikana nafe akutupa choncho, ndipo pamaliro pake azimayi ankaloza mkazi wake ndi milomo. Ndiye nditaona mapazi a a Morris, sindinafunse dokotala. Ndinadziwa. Lamulo ndi la Chiyuda, koma kagwiridwe kake ndi kakwathu ndithu: woswa ndi ine, wotupa ndi iwo.

Kusukulu sindinkamva kanthu. Aphunzitsi a sayansi akujambula mtima pa bolodi, ine ndikuona bokosi. Ndikakwera basi ndinkakhala pamwamba kutsogolo kuti ndione msanga ngati pakhomo paima ambulansi. Chakudya chinkakana. Azakhali anakazinga zitumbuwa za mbatata zimene Ayuda amadya nyengo imeneyi, mpaka mafuta ophikira onse m'nyumba anatha, koma ine wokonda zokazinga ndinangonyema kamodzi. Anati, "Mwana uyu mzimu wamulowa," nkundiwonjezera mafuta pamphumi.

Ndinafuna kubweza chilichonse m'malo mwake. Zinakanika. Chidwalire a Morris, azakhali anayamba kuyenda ndi kabotolo kawo pachifuwa, mkati mwa bulauzi, malo amene mwana wa mchimwene wawo sangafikeko. Kajagi nako kanasamukira pawindo pafupi ndi nyale, ndipo a Morris ankakhala pampando pomwepo usana wonse, kugona pomwepo, poti akagona chagada mpweya umawathawa. Madzulo aliwonse timoto tinkawonjezeka, ndipo kwa ine kutupa nako kunkawonjezeka. Mukudziwa kuti dalitso lija amaliimba mokoma? Ine ndinkatseka makutu ndi mapewa.

Mwina mukuti, agogo, bwanji simunangoulula? Ana a masiku ano mumaganiza mophweka. Ndikanaulula, azakhali ntchito ikanatha, poti ndi iwo anandilowetsa m'nyumba ya eni. Amayi akananditumiza ku Dedza pa ndege yotsatira. Ndiponso ndikanawauza bwanji a Morris kuti madzulo onsewa akhala akunyoza Mulungu wawo? Mtima wawo ukanaima pomwepo.

Ndiye ndinapeza nzeru imene ndimainyadirabe mpaka lero, ngakhale inalephera. Ndinati ndiwasinthanitse poyera. Azakhali apereke kabotolo kawo kwa a Morris, a Morris apereke kajagi kwa azakhali, aliyense abwezeredwe zake osadziwa. Ndinapita kukhitchini.

"Azakhali, mafuta anuwa bwanji osawapatsa a Morris ayatsire nyale? Utsi wake uziwalowa m'chifuwa."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula malilime. "Limbikani mwanawe, lero ndiye wayankhula za Mzimu. Ndimadziwa kuti kudzoza kuja sikungapite pachabe."

Anapukuta manja, natulutsa kabotolo, nkukagwada pafupi ndi mpando wa a Morris. A Morris anamvetsera mpaka kumapeto, nawagwira dzanja.

"Mayi, mtima wanu ndauona. Koma mafuta amene apemphereredwa m'chipembedzo china sangalowe mu nyale iyi. Amenewo ndi anu ndi Mulungu wanu. Ine ndili ndi anga awa." Analoza kajagi.

Ndinatuluka nkukakhala m'chimbudzi. Mlandu unali umodzi, tsopano yakhala iwiri. Akuba, komanso a mneneri.

Linafika Lachisanu. Tsiku limenelo amayatsa msanga, dzuwa lisanalowe, chifukwa likangolowa Sabata lawo layamba ndipo moto sayatsanso. Dzuwa la ku England silioneka, koma iwo amadziwa nthawi imene likulowa kuseri kwa mitamboko. Ndinathawa phunziro lomaliza. Nditafika ndinapeza a Morris milomo yachita bii, akupuma ngati akwera phiri la Dedza. Daniel ananong'oneza azakhali kuti adokotala anabwera m'mawa uja, asintha mapilisi, ndipo zikapanda kusintha awatengera kuchipatala. A Morris anamva. Anati, "Chiyambire ubwana wanga sindinadumphepo tsiku. Ndiyatse kaye. Bwana Limbi, thira iwe, manja anga akunjenjemera."

Anandipatsa kajagi m'manja. Ndinayang'ana timagalasi touma tija, ndinayang'ana mapazi awo. Mumtima ndinati, akangoimbanso kamodzi pa mafuta awa, sadzuka mawa.

Ndinadzikola mwendo ndekha. Luso limeneli ndinaliphunzira pa mpira, pofuna penate. Ndinagwa chammbali, kajagi ndakakweza m'mwamba kuti kasasweke, poti kanali ka malemu, koma mlomo wake ndinauloza pansi. Mafuta onse khuthu pa kapeti.

Kenako khofi la azakhali linandipeza kukhutu.

"Chitsiru cha mwana. Miyendo ngati ya bambo ako."

Daniel anathamangira kukhitchini, anabwerako manja ali m'mwamba: botolo la olivi linatha, ophikira anatha ndi zitumbuwa. Azakhali anagwira pachifuwa pawo, a Morris anapukusa mutu. Ine ndekha ndinkadziwa kuti m'bulauzimo muli mafuta awo enieni, koma ndikanati chiyani? Nkhope ya a Morris sindidzaiiwala. Sanakalipe. Anangoyang'ana kunja kumene kunkayamba kuda, nkufunsa Daniel motsitsa kuti kwatsala nthawi yotani. Daniel anayang'ana foni. Pamenepo mantha ena anandigwira: ndawapulumutsa ku mdulo kuti ndiwaphe ndi chisoni.

Ndinatuluka osavala jekete. Kunja kunkagwa mvula yosakanikirana ndi matalala, ija imabaya kumaso. Inu mumadandaula kuyenda kuchoka pa galimoto kufika pakhomo. Ine ndinathamanga. Shopu ya pakona inali ndi a mpendadzuwa okha. Ndinadziwa kuti a Morris moyo wawo wonse amayatsa a olivi, ndiye ndinapitirira kudutsa maloboti ali ofiira, galimoto zikuliza mahutala. Shopu yachiwiri anali nawo. Pamzere panali gogo wina wachizungu akufunafuna khadi m'chikwama chonse. Ndinayamba kulira, kulira kwenikweni, mamina ndi matalala pamodzi, mpaka iye anadzipatula yekha nkuti ndidutse. Ndinalipira ndi ndalama yanga ya basi. Pobwerera ndinagwa kamodzi, ulendo uno osafuna, koma botolo ndinaliteteza ndi mimba.

Ndinalowa ndikudontha. Daniel anatambasula dzanja kuti alande botolo, koma a Morris anamuletsa.

"Dikira. Bwana Limbi, mafuta awa ndi a ndani?"

"Ndi anga."

"Ndalama yake?"

"Yanga. Ya basi."

"Ukundigulitsa kapena ukundipatsa?"

"Ndikukupatsani."

"Onse? Sudzawafunanso?"

"Onse. Ndi anu. Chonde yatsani."

Anatenga botolo ndi manja awiri, nalikweza pang'ono m'mwamba, ndiye kuti alilandira. Kenako anatembenukira kwa Daniel. "Kakobiri kako kaja kali pa kapeti. Tulutsa kena." Daniel anaseka misozi ili m'maso, natulutsa. Anathira yekha msangamsanga, a Morris anaimba dalitso mawu akudukaduka, timoto tinayaka kunja kusanade. Ulendo umenewo sindinatseke makutu.

Kumbuyo kwathu azakhali anali atagwada, akupukuta kapeti ndi manyuzipepala, akung'ung'udza m'Chichewa: "Mafuta achabechabe awa, sachokanso." Anawakulunga nkukawaponya m'bini. Mafuta a mneneri wa ku Lilongwe, ana inu, ndi manja awo omwe. Khutu linkandiwawa, thupi likunjenjemera, koma pamenepo ndinaluma kolala ya shati kuti ndisaseke.

Usiku umenewo sindinagone bwino, ndinkamvetsera ngati akupumabe. M'mawa ankapuma. Tsiku linalo anadya. Kutupa kunayamba kuphwa.

Mpaka lero pali anthu atatu amene amati anachiritsa a Morris. Amayi anga amati ndi mapilisi atsopano aja, ochotsa madzi m'thupi, ndipo amanena ngati nkhani yosafunika kukambirana. Azakhali anachitira umboni kutchalitchi kuti ankadzoza masilipasi a bwana wawo mobisa ndi mafuta a mneneri, mpingo wonse nkuimirira. Wachitatu ndine. Inu sankhani, koma kumbukirani amene amakugulirani maswiti.

Chikondwerero chitatha, a Morris anati zingwe zotsala ndi timadontho ta m'timagalasi sizitayidwa m'bini ndipo sizigwiritsidwa ntchito ina, poti zinapatulidwira nyale. Zimawotchedwa. Tinaziika m'kachitini, ine ndi Daniel, nkupita nazo kuseri kwa nyumba. Kachitini kaja katayamba kufuka ndinakumbuka koloboyi wa kwathu. Ndikumva chitseko kumbuyo. A Morris atuluka okha, ndodo m'manja, azakhali akuwakalipira za kuzizira. Ine sindinayang'ane nkhope yawo. Ndinayang'ana pansi. Mapazi onse awiri anali m'masilipasi, mpaka zidendene.

Chaka chilichonse kuchokera pamenepo, Disembala akayandikira amandiimbira foni: "Bwana Limbi, mafuta." Ndimagula, ndimapita nawo, amandifunsa mafunso omwe aja, ndimayankha chimodzimodzi. Koma kuthira sandilolanso. Amati miyendo yanga saikhulupirira.

Kabotolo kaja azakhali akadali nako. Amangodonthezera pang'onopang'ono kuti kasathe, poti mneneriyo anasamuka. Iwe Mwayi, tsiku limene unatuluka kuchipatala utadwala paja, anakudzoza nako. Iwe Tadala, usanayambe sukulu, chimodzimodzi. Ndiye mukamadziyang'ana pagalasi mudziwe kuti mphumi zanuzo zinadzozedwa ndi mafuta a nyale ya a Morris, ndipo mwakula bwinobwino, kupatula mwano. Lamulungu akakufinyani masaya, mungomwetulira. Amene aulule, udzukulu watha, ndipo foni yake idzalira mbuzi tsiku la ukwati wake.